Mlendo Abwera ndi Kalumo Kakuthwa: Phunziro la m'Kanema wa Moneyball

Pakutha pa chaka cha 2001, timu ya baseball ya Oakland Athletics, ya ku California m'dziko la America, inali ngati mlimi amene wabedwa makasu mvula ili pafupi. Akatswiri ake atatu, Jason Giambi, Johnny Damon ndi Jason Isringhausen, anatengedwa ndi matimu olemera. Giambi yekha analonjezedwa madola 120 miliyoni pa zaka zisanu ndi ziwiri ku New York Yankees, pamene Oakland inali ndi madola pafupifupi 40 miliyoni okha olipirira osewera ake onse m'chaka cha 2002. Apa ndi pamene payambira kanema wotchedwa Moneyball, amene anatuluka mu 2011 potsata buku limene Michael Lewis anasindikiza mu 2003. Ngakhale owerenga ambiri sanaonepo masewerawa, funso la m'kanemayu limakhudza mphunzitsi aliyense ndi wophunzira aliyense: kodi munthu timamuyeza ndi muyeso uti?

Masewerawa amayenda motere. Woponya amaponyera mpira munthu wogwira chibonga. Uyu akaumenya amathamangira pamalo oyamba, ndipo akazungulira malo onse nabwerera pamene anayambira, timu yake yapeza chigoli. Koma ilipo njira ina yofikira pamalo oyambawo: woponya akaponya molakwika kanayi, womenya amangoyenda osamenya konse. Kwa zaka zambiri muyeso wotchuka wa luso unkawerenga kumenya kokha, ndipo wosewera wodekha, wodziwa kuleka mpira woipa kuti udutse, sankawerengeredwa kanthu.

Mmodzi mwa amene anaona cholakwikachi sanali katswiri wa masewera. Anali Bill James, mlonda wa usiku pa fakitale yoika nyemba m'zitini ku Kansas, amene mu 1977 anayamba kusindikiza yekha timabuku ta ziwerengero. Iye anaonetsa kuti chimene chimabweretsa zigoli ndi kufika pamalo oyamba kawirikawiri, kaya mwa kumenya kaya mwa kuyenda chabe. Kwa zaka zoposa makumi awiri akuluakulu ambiri a matimu anamunyalanyaza, poti sanasewerepo m'bwalo lalikulu.

Mkulu wa timu ya Oakland, Billy Beane, amene m'kanemamu akuseweredwa ndi Brad Pitt, anali ndi chifukwa chake chokayikira njira yakale. Mu 1980 anthu osaka aluso a timu ya New York Mets anamuona ali mnyamata wamtali, waliwiro ndi wamphamvu, ndipo anamukopa kuti asiye mwayi wa maphunziro ku yunivesite ya Stanford. Atalowa m'bwalo analephera. Anadzionera yekha kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono umphawi utafika pakhomo, iye pamodzi ndi mnyamata wophunzira za chuma, amene m'kanemamu wapatsidwa dzina lopeka la Peter Brand, anayamba kugula osewera otayidwa amene ziwerengero zinkawachitira umboni. Mmodzi anali Scott Hatteberg, amene mkono wake unavulala moti sankathanso kuponya bwino, koma ankadziwa kufika pamalo oyamba. Wina anali Chad Bradford, amene ena ankamuseka chifukwa choponya mpira dzanja lili pafupi kukhudza pansi.

Mbali yokoma ya kanemayu ndi pamene nzeru yatsopano ikumana ndi eni mudzi. Madoda osaka aluso akhala mozungulira tebulo, wina akuyamikira nsagwada ya wosewera, wina akukayikira mnyamata chifukwa cha maonekedwe a bwenzi lake. Mphunzitsi wa timu, Art Howe, akukana kuika Hatteberg m'bwalo. Woonera angathe kuseka anthuwa, koma kukana kwawo kuli ndi mizu. Munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse akamva kuti kompyuta idziwa kuposa maso ake, samva nkhani ya ziwerengero. Amamva kuti moyo wake unapita pachabe ndiponso kuti mawa sadzadya. Komanso kulephera m'njira yozolowereka sikuchititsa manyazi, pakuti onse amati ndi tsoka, pamene wolephera m'njira yachilendo amasenza mlandu yekha.

Poyamba zinthu zinaoneka ngati zikuvomereza okanawo, pakuti m'mwezi wa Meyi timu inali itagonja kambiri kuposa kupambana. Koma kuyambira pa 13 Ogasiti kufikira pa 4 Seputembala 2002 inapambana masewero 20 otsatizana. M'sewero lomaliza la mndandandawu, lolimbana ndi Kansas City Royals, Oakland inatsogola 11 kwa 0, adani anabweza zonse, ndipo amene anamenya chigoli chopambanitsa anali Hatteberg yemwe uja. Chaka chimenecho timu inapambana masewero 103, chimodzimodzi ndi Yankees amene anawononga ndalama zochuluka pafupifupi katatu.

Komabe wowerenga wochenjera asameze zonse za m'kanema. Kanema amafuna ngwazi ndi mdani, choncho zina anazibisa. Mu 2002 Miguel Tejada wa timu yomweyi anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu American League, ndipo Barry Zito analandira mphoto ya woponya wabwino koposa. Awiriwa, pamodzi ndi Tim Hudson ndi Mark Mulder, anali kale m'timu chisanafike chaka chimenecho, ndipo madoda onyozedwa aja anali ndi dzanja powapeza. Art Howe naye anadandaula poyera kuti kanemayu anamuipitsira mbiri. Choncho chipambano cha Oakland chinali denga losenzedwa ndi mitu iwiri, maso a akale ndi masamu a achinyamata.

Mathero ake ali ndi phunziro lina. Oakland inagonja kwa Minnesota Twins m'gawo loyamba la masewero olimbirana ukatswiri. Eni timu yolemera ya Boston Red Sox anafuna kulemba Beane ntchito pa madola 12.5 miliyoni, iye nakana. Iwo analemba Bill James kukhala mlangizi, ndipo mu 2004 anatenga chikho chimene anali asanachigwire chiyambire 1918. Nzeru imene inabadwira mu umphawi inakalemeretsa olemera kale, ndipo onse ataitengera, mwayi wa woyambitsa unachepa. Chatsopano cha lero ndicho mwambo wa mawa, umene nawonso udzafunika woufunsa.

Mphunzitsi amene ali ndi kaundula wa mayeso m'manja angachite bwino kudzifunsa ngati muyeso wake sukusiya kunja luso lina lenileni, monga muyeso wakale unasiyira kudekha kwa Hatteberg. Wachinyamata amene wangomaliza sukulu, nalowa ntchito ndi maganizo atsopano, akumbukire kuti Beane sanapambane mwa phokoso koma mwa umboni wowerengeka ndi kupirira miyezi yoipa. Akumbukirenso kufunsa akale chimene akudziwa asanawauze chimene sadziwa, pakuti kalumo ka mlendo, ngakhale kakuthwa, kamameta bwino mwini mutu akavomera kukhala pansi.