Mawu acoke pa pepala, afike m'makutu

Kuno ku Kalomwe tili ndi zolemba zambiri zimene zangogona mu kompyuta: mbiri za midzi, mayina a mafumu, maphunziro a sukulu ya kwaca. Koma agogo amene anatisimbira mbirizo ambiri sadziwa kuwerenga. Njira yowabwezera zawo ndiyo kujambula mawu kuti amvere pa foni kapena pa wailesi. Tsono colembedwa siciyankhulika bwino tisanacikonze. Tiyeni tione m'mene nchitoyi imayendera.

Coyamba, ticivule cikalataco. Cikalata ca Word cimanyamula katundu amene khutu silimufuna: matebulo, mizere, manambala a masamba. Tisunge kope lina la mawu okhaokha, la mtundu wa .txt, ndipo posunga tisankhe UTF-8. Tikaiwala, zilembo monga ŵ wa mu Malaŵi kapena ó wa mu Angónia zimatha kusanduka timabokosi kapena zizindikiro za funso.

Caciwiri, tidule nkhaniyo. Ciganizo ciliconse cikhale pa mzere wake, ndi nambala yake. Pojambula, kaya ndi pologalamu yaulere monga Audacity, wowerenga akaphonya pa mzere 14 timangobwereza womwewo basi, osayambanso tsamba lonse.

Cacitatu ndiye cacikulu kwa ife a m'malire. Anzathu a ku Dedza amalemba "chaka", ife timalemba "caka", monga m'mene lilili Buku Lopatulika la 1922. Msonkhano woyamba wokonza kalembedwe ka zinenero za Mozambique unacitika ku Maputo mu 1988, komabe ambiri anaphunzira kuwerenga ku Malawi pothawa nkhondo, ena anaphunzira m'Cipwitikizi. Amene anazolowera Cipwitikizi akaona "ch" lilime limathamangira ku "sh", ndipo "ca" amati "ka". Conco tisankhe kalembedwe kamodzi, wowerenga ayeseze mokweza tisanayatse makina.

Manambala nawo ndi msampha. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Nanga 1992 ameneyu timuchula bwanji? Wina anena m'Cipwitikizi, wina m'Cingelezi. Tigwirizane kale, ndipo tilembe m'mawu pa mzere pomwepo. Palinso mawu monga "mtengo": wa m'nkhalango ndi wa pa msika amalembedwa cimodzimodzi, koma mawu amakwera mosiyana. Tiikepo kacizindikiro kokumbutsa wowerenga.

Pomaliza, tisafulumire kugawa. Tipite kaye kwa mwini nkhani, timuyatsire amvere. Akapukusa mutu nati, "Iyayi, ine sindinatero," tikonze pawiri: m'cojambulaco ndi m'cikalata momwe. Tikakonza kumodzi kokha, adzukulu adzapeza mbiri ziwiri zotsutsana, pamene wotiuza zoona adzakhala atapita.