Kusamba m'manja kosalekeza kuli ndi chithandizo

Pali anthu amene amasamba m'manja mpaka khungu kung'aluka, kapena kubwerera kangapo kukaona ngati akhomadi chitseko. Ine ndimamva chisoni akamanenedwa kuti analodzedwa. Awa ndi matenda a OCD: maganizo oopsa amamukakamira munthu, iye n'kumabwereza zochita kuti mtima ukhale m'malo.

Mu 1966, katswiri wa zamaganizo ku London, Victor Meyer, anasonyeza njira yochizira matendawa yomwe lero imatchedwa ERP. Moyang'aniridwa ndi katswiri, wodwala amagwira chinthu chimene amachiopa, monga chogwirira chitseko, koma osasamba. Nkhawa imakwera, kenako imatsika yokha, ndipo pang'onopang'ono ubongo umazolowera.

Mankhwala monga fluoxetine amathandizanso, ngakhale amatenga milungu 8 mpaka 12 kuti kusintha kuoneke bwino.

Achibale, lekani kumunyoza wodwalayo, mperekezeni kuchipatala.