Mlandu Weniweni Ukasanduka Sewero la pa Kanema

Sewero la mlandu weniweni ndi filimu kapena pulogalamu ya pa wailesi yakanema imene imatenga imfa, chiwembu kapena mlandu wina wochitikadi n'kuuseweranso pamaso pa kamera. Mayina amakhala enieni, malo enieni, ndipo kawirikawiri chigamulo cha khoti chimakhala chitadziwika kale. Pamene opanga mafilimu amasiyana ndi pa kafotokozedwe. Ambiri amayala nkhani mwandondomeko, kuyambira tsiku la tsoka mpaka tsiku la chigamulo, ndipo woonera amaiwala kuti akuona anthu ongoyerekeza. Ena ochepa amachita kuonetsa dala kuti zimene zili pa kanemazo n'zokonza. Njira yachiwiriyi inayesedwa ku Mozambique kalekale, ndipo ku Britain yagwiritsidwanso ntchito m'zaka zaposachedwa.

Gwero la nkhaniyi ndi loti pamene munthu akuphedwa sipakhala kamera. Zimene zimatsala ndi mawu a mboni, zolemba za apolisi, malipoti a dokotala ndi zonena za woimbidwa mlandu, ndipo zimenezi sizigwirizana nthawi zonse. Wolemba sewero amakakamizika kudzaza mipata. Amapeka zimene anthu analankhulana m'nyumba usiku, amasankha amene alire ndi amene aume mtima. Akabisa kuti wapeka, woonera amatenga zopekazo ngati umboni.

Mmene Mozambique inayambira

Pa 16 June 1960, akuluakulu a boma la Apwitikizi analamula kuti anthu amene anasonkhana pa ofesi ya boma ku Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado, awomberedwe. Chiwerengero cha amene anafa anthu amatsutsanabe mpaka lero. Dziko litalandira ufulu mu 1975, anthu a ku Mueda ankasewera za tsikulo pabwalo, pamalo pomwe zinachitikira. Ruy Guerra anajambula sewero lawolo n'kupanga filimu ya Mueda, Memória e Massacre mu 1979. Filimuyi imasakaniza zinthu zitatu: sewero la anthu a m'deralo, zigawo zojambulidwa m'kati mwa ofesi, ndi mboni zofotokoza zimene zinaona. Woonera amaonanso khamu la anthu likuonerera, nthawi zina likuseka amene akusewera ngati asilikali a atsamunda. Palibe chobisika kuti limeneli ndi sewero.

Munthu amene anakulitsa njirayi ndi Licínio Azevedo, mtolankhani wobadwira ku Brazil amene anakhazikika ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kugwira ntchito ku bungwe la boma loona za mafilimu. Iye amakonda kujambula anthu wamba akusewera moyo wawo womwe. Filimu yake ina, A Árvore dos Antepassados, ya pakati pa zaka za m'ma 1990, imatsatira banja limene linathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo yapachiweniweni likubwerera kwawo m'chigawo cha Tete, kukadziwitsa mizimu ya makolo patsinde pa mtengo kuti ana abwera. Nkhani yotere si yachilendo kwa anthu a ku Kalomwe, pa chipata cha malire a Angónia ndi Dedza. Mabanja ambiri a m'mapiri amenewa anawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo itakula, ndipo anabwerera pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Mlandu wosewera eni ake

Filimu ya Azevedo imene imakhudza mlandu mwachindunji ndi Desobediência ya mu 2002. Nkhani yake inachitika m'mudzi wina m'chigawo chapakati cha Mozambique. Bambo wina anadzipha, ndipo abale ake analoza chala mkazi wa malemuyo. Ankati ndi mkazi wosamvera, komanso kuti ali ndi mwamuna wamzimu amene anadzetsa imfayo. Mayiyo anaweruzidwa kawiri, koyamba kwa sing'anga, kachiwiri kukhoti la boma, ndipo konseko anapezeka wosalakwa.

Azevedo sanaitane akatswiri a zisudzo. Anapempha mayiyo, ana ake ndi achibale amene ankamuimba mlanduwo kuti aliyense asewere mbali yake. Popeza malemuyo anali mapasa, m'bale wake ndi amene anasewera ngati womwalirayo. Choncho mkazi wamasiye amaoneka akukangana ndi munthu wa nkhope ya mwamuna wake, yemwenso ali kumbali ya omuneneza.

Chimene chinapatsa filimuyi mphamvu n'choti mkanganowo unali usanathe. Kusewera kunautsa mapiri pachigwa, ndipo anthu ankapitiriza kuyambana kujambula kukaima. Azevedo anaika kamera yachiwiri yoti izitsatira zochitika zimenezi. M'filimu yomalizidwa, zigawo zosewera ndi zigawo zenizeni zimalowana, mwakuti nthawi zina n'kovuta kudziwa ngati munthu akunena mawu amene anagwirizana kapena akukhuthula za kukhosi.

Mmene Britain yachitira

Ku Britain masewero a milandu yeniyeni ndi ambiri, ndipo ochuluka amatsata njira yowongoka. The Murder of Stephen Lawrence ya mu 1999, imene anatsogolera Paul Greengrass, inajambulidwa ndi kamera yonyamula pamanja kuti izioneka ngati nkhani ya atolankhani. Inafotokoza za mnyamata wachikuda amene anaphedwa ku London mu 1993 ndi kulephera kwa apolisi pa mlanduwo. Cholinga cha kajambulidwe kotere n'choti woonera akhulupirire.

Landscapers, sewero la magawo anayi limene linaonetsedwa mu 2021 pa Sky ndi HBO, linatenga njira yosiyana. Analemba ndi Ed Sinclair, anatsogolera ndi Will Sharpe, ndipo Olivia Colman ndi David Thewlis anasewera ngati Susan ndi Christopher Edwards. Awiriwa anapezeka olakwa mu 2014 pa mlandu wopha makolo a Susan mu 1998 ndi kuwakwirira kuseri kwa nyumba ku Mansfield. Kwa zaka 15 ankanamiza achibale kuti nkhalambazo zili moyo, n'kumawatumizira makalata ndi makadi a Khirisimasi uku akutapa ndalama zawo. Mbali yaikulu ya ndalamazo inathera pogula zithunzi ndi makalata a akatswiri akale a mafilimu, monga Gary Cooper. Mitembo inapezeka mu 2013, ndipo khoti linalamula kuti aliyense akhale kundende zaka zosachepera 25.

Susan ankati mayi ake ndi amene anawombera bambo ake, ndipo iye anawombera mayi akewo atamuputa ndi mawu opweteka. Khoti silinakhulupirire. Sewerolo limaonetsa mbali zonse ziwiri, koma iliyonse ndi maonekedwe ake. Zimene Susan akulota zimabwera ngati filimu yakale yopanda mitundu. Pofika kumapeto, mlandu wa kukhoti umasanduka filimu ya anyamata okwera pa akavalo ndi mfuti, ya mtundu umene Susan ankaukonda. Pamalo pena wapolisi wofunsa mafunso amadzuka, n'kutsogolera oimbidwa mlanduwo kutuluka m'chipinda. Kamera imawatsatira, ndipo woonera amaona kuti makoma ndi amatabwa, kuseri kuli magetsi, mawaya ndi antchito ojambula. Amalowa m'chipinda china chokonzedwa ngati chogona cha malemuwo, ndipo wapolisiyo amawaimika m'malo mwawo kuti aonetse mmene apolisi akuganizira kuti zinachitikira. Apa woonera amazindikira kuti apolisi nawonso akulumikiza nkhani kuchokera ku zidutswa.

Kufanana ndi kusiyana

Mafilimu awiriwa, Landscapers ndi Desobediência, amakana kunamizira kuti kamera inalipo. Kusiyana kwake kuli pa amene akusewera. Mu Landscapers muli akatswiri olipidwa, ndipo chimene chikuululidwa ndi zida za ntchito yawo. Mu Desobediência muli eni nkhani, ndipo chimene chikuululidwa ndi mkwiyo umene udakalipo. Zimafanana ndi bwalo la kwa mfumu, kumene aliyense amafotokoza mbali yake onse akumva, ndipo omvera amadziwa kuti wolankhulayo ali ndi chake chimene akuteteza.

Njira zonsezi zili ndi zovuta. Ena anadandaula kuti Landscapers imachititsa woonera kumvera chisoni anthu opha anzawo, pamene ophedwawo alibe mpata woyankha. Kujambula eni nkhani nako kumabweretsa mafunso ena. Munthu wa kumudzi amene wavomera kusewera mwina sadziwa kuti filimuyo ikafika kutali bwanji, ndipo ojambula akalongedza katundu wawo iye amatsala ndi achibale omwewo. Ana amene akuoneka m'filimu amakula nkhani ya banja lawo ili poyera. Palinso nkhani ya malamulo, chifukwa sewero lonena za mlandu umene khoti silinagamule lingathe kuipitsa mbiri ya munthu wosalakwa kapena kusokoneza mboni.

Masiku ano nkhani za milandu zimayenda mofulumira pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo achinyamata amajambula masewero ndi foni. Mfundo zimene opanga mafilimu aakulu amalimbana nazo zimakhudzanso iwowa. Wopanga sewero la mlandu weniweni ayenera kupempha chilolezo kwa ofedwa, kusiyanitsa zimene khoti linatsimikiza ndi zimene iye wapeka, ndi kubisa mayina a ana. Woonera naye ayenera kudziwa amene akufotokoza nkhaniyo, kumene anatenga umboni wake, ndi mbali imene sinapatsidwe mpata wolankhula.