MSONKHO WA NYUMBA NDI ODWALA MAGANIZO: ZIMENE ZINACITIKA KU IOWA

Matenda a maganizo sali ngati malungo, amene munthu amamwa mankhwala masiku atatu nacira. Wodwala misala yokhalitsa afunika kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndipo akalekeza, kawirikawiri matenda amabwerera. N'cimodzimodzi ndi mwana wolemala bongo cibadwire, wocedwa kuyenda, kulankhula ndi kuphunzira. Iye afuna thandizo moyo wake wonse. Nanga ndalama za thandizo losatha limeneli zicokere kuti? Sabata ino tiona m'mene anthu a ku Iowa, m'dziko la America, anayesera kuyankha funsoli.

Iowa ndi cimodzi ca zigawo 50 za America, cochuka ndi ulimi wa cimanga ndi kuweta nkhumba. Cigawoci cinagawidwa m'madera 99 ochedwa ma county, ofanana ndi maboma athu monga Katete kapena Lundazi. County iriyonse iri ndi atsogoleri ake osankhidwa ndi anthu, ndipo imakhometsa msonkho wa nyumba, masitolo ndi minda, wonga umene eni nyumba m'tauni amapereka ku khonsolo kuno kwathu.

Msonkhowu umayenda motere: wanchito wa county amaika mtengo pa nyumba kapena munda uliwonse. Ndiyeno atsogoleri amagamula kuti pa madola 1,000 aliwonse a mtengowo, mwini wake apereke zingati. Kwa zaka zambiri mbali ina ya msonkho umenewu inali kupatulidwa kuti ithandize odwala maganizo ndi olemala bongo. Ndalamazo zinali kulipira cipatala ca misala wodwala akagonekedwa, nyumba zosungirako osowa abale, aphungu, ndiponso malo ophunzitsirako olemala nchito zamanja.

Njira imeneyi inali ndi ubwino wake. Ogamula za ndalama anali anthu a komweko, odziwa mabanja ndi mavuto ao. Kholo la mwana wolemala linali kutha kufika pamsonkhano wao ndi kudandaula pamaso. Koma zovuta zake zinali zazikulu.

Coyamba, ma county sanali kutolera ndalama zofanana, ndipo iriyonse inali kudzisankhira thandizo lopereka. Motero anthu awiri odwala nthenda imodzi anali kulandira cisamaliro cosiyana kaamba ka kumene akhala cabe.

Caciwiri, panali lamulo lakale lakuti wodwala azilipiridwa ndi county imene anakhalamo caka cathunthu asanayambe kulandira thandizo. Munthu akasamuka, ma county awiri anali kukankhirana, iyi ikuti si wathu, iyo ikuti si wathu. Lamuloli linatha mu 2013.

Cacitatu, eni nyumba ndi alimi anali kudandaula kuti msonkho ukungokwera. Mu 1995 nyumba ya malamulo ya Iowa inaika malire pa ndalama zimene county iriyonse ingatolere pa nchitoyi, ndipo zonse pamodzi zinali pafupifupi madola 125 miliyoni pacaka. Malirewo anakhala osasuntha kwa zaka zambiri, pamene mitengo ya mankhwala ndi malipiro a anchito zinali kukwera. County ya Polk, kumene kuli mzinda waukulu wa Des Moines, inaculuka anthu koma thumba lake silinakule mofanana. M'madera ena odwala anayamba kulembedwa maina kuti adikire. Ife amene tigwira nchito m'cipatala tidziwa bwino zotuluka pa kudikira kotere: wodwala amene akanathandizidwa ali kunyumba amafika pa ife atamangidwa zingwe, kapena amathera m'manja mwa apolisi.

Mu 2012 anapanga lamulo lakuti ma county oyandikana aphatikize ndalama zao. Magulu amenewa anayamba nchito mu July 2014, ndipo analamulidwa kupereka thandizo lofunika kwambiri mofanana kulikonse. Zinthu zinakhalako bwino, koma gwero la ndalama linali lomwe lija. Potsiriza, mu 2021, bwanamkubwa Kim Reynolds anasaina lamulo locotsa msonkho wa nyumba pa nchitoyi. Kuyambira July 2022 ndalama zimacokera ku thumba lalikulu la cigawo conse. Mu July 2025 magulu aja analowedwa m'malo ndi madera asanu ndi awiri oyang'aniridwa ndi boma la cigawo.

Kodi vuto linathera pamenepo? Iai. Ndalama zikakhala ku likulu, nazonso zigamulo zimapangidwa kutali ndi odwala. Anthu a ku Iowa anaona zimenezi mu 2015, pamene boma la cigawo linatseka zipatala za misala ziwiri mwa zinai, ca ku Clarinda ndi ca ku Mount Pleasant, ngakhale kuti ambiri anakana. Ndiponso si zigawo zonse zinatsatira Iowa. Ku Ohio ma county onse 88 ali ndi mabungwe osamalira olemala bongo, ndipo anthu amaponya voti kubvomereza kapena kukana msonkho wa nyumba wothandiza mabungwewo. Voti ikalephera, thandizo limacepa.

Kuno ku Zambia cisamaliro ca odwala maganizo m'zipatala za boma sicidalira msonkho wa nyumba, ndipo lamulo la mu 2019 linalimbikitsa ufulu wao wolandira thandizo mwaulemu. Koma pamene nchito zina za umoyo ziri kupita m'manja mwa makhonsolo, nkhani ya Iowa iyenera kutitsegula maso. Khonsolo ya Lusaka itolera msonkho woculuka kuposa khonsolo ya kumudzi, koma matenda a maganizo sasankha boma lolemera.

Cotero inu makolo ndi abale a odwala, makhansala akaitana msonkhano wa citukuko, pitani. Kafunseni mafunso awiri: ndi ndalama zingati zapatulidwira odwala maganizo ndi ana olemala caka cino? Nanga ndani adzayankha mankhwala ao akatha pa kiliniki? Odwala ambiri otere sangathe kudzilankhulira okha. Pakamwa pao ndi inu.