Chipulasitiki cha kunsi kwa injini: tichotse kapena tichisiye?

Tsiku lina ndikuchokera ku Chilomoni pa ka Vitz kanga, ndinakwera hampu ndisanachepetse bwino liwiro. Ndinangomva kuti khwaa! kenako phokoso la chinthu chokwekwereka pa tara. Nditasuzumira pansi ndinapeza chipulasitiki chakuda chimene chimatchinga kunsi kwa injini chili lende, chitangogwira mbali imodzi.

Kugalaja amakaniko sanachedwe nazo. "Aphunzitsi, ichi tingochotsa. Anapangira misewu ya ku Japan, kuno chimangotola matope." Poti kuchotsa kunali kwaulere, ndinavomera msangamsanga.

Tinene chilungamo, amakaniko aja sanalakwitse zonse. Ntchito ina ya chipulasitikichi ndi kusalaza kunsi kwa galimoto kuti mpweya uzidutsa bwino. Kunsiku kuli mapaipi, zitsulo ndi mphako zambiri. Mpweya ukamagundagunda m'zimenezi umavunduka n'kumakokera galimoto m'mbuyo. Ndi air resistance ija timaphunzira m'kalasi, ena amati drag. Koma drag imakula motsatira square ya liwiro. Yerekezani galimoto yokwawa pa 20 km/h mu Limbe madzulo, ndi ina yothamanga 80 km/h pa msewu wa Zalewa. Liwiro lawonjezeka ka 4, ndiye kuti drag yawonjezeka ka 16. Mphamvu imene injini imawononga pa sekondi iliyonse polimbana ndi mpweyawo yakwera ka 64, chifukwa power ndi force kuchulukitsa ndi liwiro. Choncho kwa ine amene ndimangoyenda pakati pa Chilomoni, Ginnery Corner ndi Limbe, mafuta amene chipulasitiki chimapulumutsa ndi ochepetsetsa zedi. Wopita ku Lilongwe sabata ndi sabata ndiye angapinduleko.

Ndinayenda bwinobwino chilimwe chonse. Mavuto anabwera ndi mvula ya mu Januwale. Ndikudutsa pa Chipembere Highway madzi atasefukira mumsewu, ndinaloŵa m'chithaphwi, ndipo injini inayamba kulira kuti tswiii! Kagetsi ka batire kanayaka pa dashibodi kwa masekondi angapo, kenako n'kuzima.

Chinachitika ndi ichi. Kutsogolo kwa injini kuli lamba amene amazunguza alternator, makina otchaja batire, ndipo pa magalimoto ambiri amazunguzanso pampu ya madzi oziziritsa injini. Lambayu amagwira mapule ake chifukwa cha friction basi. Madzi akaloŵa pakati pa lamba ndi pule, friction imatsika, lamba n'kumaterereka. Kulira kuja n'kuterereka kumeneko, ndipo kagetsi kaja kamanena kuti alternator yasiya kutchaja. Madzi okha amauma. Choopsa ndi mchenga umene umabwera nawo: umapala lamba ngati sandipepa, umaloŵa m'maberingi, ndipo chinyontho chikakhalitsa m'mapulagi a mawaya chimayambitsa dzimbiri. Kale zonsezi zinkathera pa chipulasitiki chija. Tangoganizani misewu ya kumtunda kwa Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri mvula ikagwa, mmene miyala ing'onoing'ono ndi matope zimatsikira kuchokera m'mapiri.

Palinso nkhani ya kutentha imene ambiri amaimva chozondoka. Amati mukachotsa chipulasitiki injini imapuma bwino. Koma mpweya umadutsa mu radiyeta pokhapokha pressure ya kutsogolo kwake ikaposa ya kumbuyo. Mukatsekula kunsi, mpweya wina ungathe kuloŵera pansi n'kudzaza kumbuyoko, kusiyana kwa pressure n'kuchepa. Pa magalimoto ena zimenezi zimaonekera pa mtunda wautali, monga wochokera ku Chikwawa pa Thabwa.

Musachikweze udindo, komabe. Pulasitiki siingateteze sampu, beseni losunga oyilo wa injini, ku mwala waukulu. Imang'ambika, mwala n'kudutsa. Oyenda misewu yoipa kwambiri amaika chishango chachitsulo. Chipulasitikichi chili ngati jekete la mvula, si chishango ayi. Chilinso ndi khalidwe loipa limodzi: chimabisa oyilo wodontha, moti mwini galimoto saona banga pansi mpaka vuto litakula. Ndipo chong'ambika chokwekwereka ngati changa chija ndi bwino kuchichotsa kusiyana ndi kuti chikathothokere pamsewu kutsogolo kwa wakabaza.

Ine ndinakagula china chogwirapo kale ntchito kwa ogulitsa masipeya ku Limbe, komanso lamba watsopano poti wakale anali atayamba ming'alu. Amakaniko aja pomanga ankaseka. "Ndiye fizikisi yanuyo yakudyerani ndalama kawiri, aphunzitsi."

Ya kunyumba nayi, a Fomu 3 ndi 4: galimoto ikachoka pa 50 km/h kufika pa 100 km/h, drag ikwera kangati, nanga power yolimbana nayo ikwera kangati? Mukafuna kusuzumira kunsi kwa Sienta pa siteji, pemphani kaye adalaivala, ndipo injini ikhale yozima.