Kabuleta Yodontha pa Njinga Yamoto Yakale

Nkhani ya lero ndi ya inu amene muli ndi njinga yamoto yakale, monga Honda CG125 imene inayamba kupangidwa mu 1975, kapena Yamaha AG100 ija ya m'misewu ya fumbi. Ambiri mwa inu mukadzuka m'maŵa mumapeza pansi pa injini panyoŵa, nyumba yonse ikununkha petulo. Kaŵirikaŵiri amene akudontha ndi kabuleta.

Tiyambe ndi mmene chipangizochi chimagwirira ntchito. Kunsi kwa kabuleta kuli kambale kosungiramo petulo. M'kambalemo muli fuloti, imene imayandama pamwamba pa petuloyo ngati chikho pamadzi. Petulo akamadzaza, fuloti imakwera nikankha kasingano kamene kamatseka poloŵera petulo. Injini ikamwa petulo, fuloti imatsika, kasingano nkutseguka. Tsono kasinganoko kakalephera kutseka, petulo wochokera m'thanki amangoloŵabe mpaka kusefukira, ndipo amatulukira pa kapaipi kamene kamalendeŵera kunsi.

Chimene chimakalepheretsa kutseka nthaŵi zambiri si kutha ai, koma litsiro. Kamchenga kamodzi kapena kachidutswa ka dzimbiri la m'thanki nkokwanira. Petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa mseu amabwera ndi zotere zambiri. Palinso china. Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Iyeyu amakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo njinga ikakhala miyezi osayenda, chinyonthocho chimachititsa dzimbiri m'thanki. Amaumitsanso labala wakale.

Musanamasule kanthu, yesani izi. Gogodani kambale kaja pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, pakuti mwina fuloti yangokakamira. Zikakanika, tsekani kampopi ka petulo, lizani injini mpaka izime yokha, kenaka tsegulaninso. Petulo woloŵa mwamphamvu m'kambale kopanda kanthu amatha kukokolola litsiro lija.

Ngati kudontha sikunaleke, ndiye kuti muyenera kutsegula. Ntchitoyi muigwirire panja, injini itazizira, kutali ndi mbaula, nyali ndi fodya. Yalani nsalu yoyera pansi, chifukwa tizitsulo ta m'katimo tikagwera mumchenga simutipezanso. Tsekani kampopi, masulani sikuluwu yokhetsera, petulo agwere m'chitini, ndipo chotsani kambale. Solani kamtanda kamene kagwira fuloti, kasingano kadzatuluka nayo pamodzi.

Kayang'anitsitseni kunsonga. Ngati pali kamzere kozungulira ngati mphete, katha, ndipo palibe chochitira koma kugula kena. Muonetsetse dzina limene lalembedwa pa kabuleta yanu: njinga zambiri za Honda zili ndi Keihin, pamene za Yamaha ndi Suzuki zambiri zili ndi Mikuni, ndipo zipangizo zake sizibwerekana. Pamene kasingano kamakhala mupukutepo ndi kathonje konyikidwa m'petulo. Waya musaloŵetsemo, amakanda mkuwa, ndipo pokandika sipatsekanso.

Tsopano fuloti. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakukhutchumuka m'kati, yabooka, ndipo fuloti yodzaza petulo imamira m'malo moyandama. Ikakhala yamkuwa, iviikeni m'madzi otentha amene mwaphula kale pamoto. Pobooka padzatuluka thovu. Pa fuloti zina pali kalilime kachitsulo kamene kamakankha kasingano. Amakaniko ena amathamangira kukapinda. Ife tikuti musatero musanaone muyeso wake m'buku la njingayo, chifukwa mukapinda mopitirira, injini idzasoŵa petulo pokwera chitunda.

Pali njira yapafupi yodziŵira ngati mwakonza. Musanabwezere kambale, lumikizani kapaipi koyera poloŵera petulo, muuziremo mpweya ndi pakamwa, uku mukukweza fuloti ndi chala pang'onopang'ono. Ikakwera, mpweya uleke kudutsa.

Nthaŵi zina petulo satulukira ku kapaipi, koma amangonyoŵetsa m'mphepete mwa kambale. Pamenepo yatha ndi gasiketi. Ikani yatsopano; guluu wa silicone salimba m'petulo, amafeŵa ndipo zidutswa zake zimakatseka timabowo. Onaninso kachubu kamkuwa koimirira m'kambalemo, pakuti kakang'aluka kamadontha ngakhale zina zonse zili bwino.

Mukamaliza, musaiŵale kumene litsiro linachokera. Tsukani thanki, ndipo muike kasefa pa paipi ya pakati pa thanki ndi kabuleta. Mukapanda kutero mudzatsegulanso sabata yamaŵa. Pa njinga ya CG125 nunkhizaninso oyilo wa m'injini. Petulo wosefukira amatha kutsikira m'silinda nakasakanikirana ndi oyiloyo, ndipo oyilo wosungunuka motero sateteza zitsulo. Akanunkha petulo, msintheni musanayende.

Inu amene mumagoneka njinga m'nyumba poopa akuba, tsekani kampopi usiku uliwonse. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho umayenda chapansipansi mpaka kukafika pamene pali makala a moto. Pafupi ndi khomo pakhale ndowa ya mchenga, chifukwa madzi sazimitsa moto wa petulo, amangoufalitsa.