Cifuwa Cofanana ndi TB, Koma Si TB

Ambiri m'makomboni mwathu akatsokomola milungu ingapo, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, amati ndi TB basi. Nthawi zambiri amalondola. Koma pali anthu ena amene amamwa mankhwala a TB miyezi 6 mosadumphitsa, cifuwa osatha.

Kacilombo ka TB kali ndi abale ake a mitundu yoposa 150, amene madotolo amawacha NTM. Wodziwika kwambiri ndi MAC. Tizilomboti timakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'madzi, ngakhale a pampopi. Tonse timakumana nato tsiku ndi tsiku, ndipo thupi lamphamvu limatigonjetsa. Matendawa sayambukira monga TB, motero palibe cifukwa copatulira wodwala mbale kapena kapu.

Amene amagwidwa msanga ndi aja mapapo ao anaonongeka kale ndi TB kapena fumbi la m'migodi, ndiponso odwala HIV amene CD4 yao yatsika pansi pa 50. Kwa awa, MAC imafalikira m'magazi n'kubweretsa kutentha thupi, kutsegula m'mimba ndi kucepa magazi. Kwa ana a zaka 1 mpaka 5, pamatuluka cotupa mbali imodzi ya khosi, cosapweteka, cimene cimafiira pang'onopang'ono. Amai, musacitemere mphini kapena kucifinya. Pitani naye mwanayo ku kiliniki.

Bvuto lili pa kupima. Pa maikulosikopu, NTM ndi TB zimaoneka cimodzimodzi. Makina a GeneXpert amapeza TB yokha. Kuti zidziwike bwino, makhololo amatumizidwa ku malabu akulu monga Chest Diseases Laboratory ku Lusaka kapena labu ya ku Ndola, kumene amameretsa tizilombo. Zotsatira zingatenge milungu 6 mpaka 8. Amapima kawiri kapena kuposa, pakuti kacilomboka kangapezeke m'makhololo a munthu wosadwala.

Mankhwala wamba a TB sagwira bwino pa MAC. Wodwala amapatsidwa azithromycin kapena clarithromycin, pamodzi ndi ethambutol ndi rifampicin, ndipo amapitiriza miyezi 12 kucokera pamene makhololo ayera. Ethambutol ingaononge maso, conco mukayamba kuona mwacimbuuzi nenani msanga.

Ngati mwamwa mankhwala a TB miyezi 2 osaona kusintha, musaleke nokha kapena kuganizira ufiti. Bwererani ku cipatala ndi khadi lanu, mupemphe kupimidwanso. Amene muli pa ma ARV, imwani tsiku lililonse, pakuti ndiye cishango canu.